Galu Amasamala Amene Amamusamala

 Lero tikamba za ziweto ziwiri zimene sitizidya, sitizigulitsa komanso sitizimanga pa ngolo, zomwe ndi galu ndi mphaka. Ntchito ya mbuzi aliyense amaidziwa, imadikira tsiku la fizi kapena la feteleza. Nkhuku imadikira mlendo. Mukafunsa za galu, ambiri ayankha kuti ndi mlonda, mphaka ndi wa makoswe, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma kwa zaka zoposa 40 tsopano madokotala ndi akatswiri a zamaganizo akhala akufunsa funso lina, lakuti kodi kukhala ndi nyama zimenezi kumachita chiyani m'thupi ndi mumtima mwa munthu amene akuziweta. Zimene apeza zandifikitsa pa mfundo imodzi imene ndikufuna tiiunike limodzi. Galu kapena mphaka amathandizadi thanzi la mwini wake, koma thandizolo limadzera m'chisamaliro. Amene amadyetsa chiweto chake, kuchiitana dzina, kuyenda nacho ndi kuchibayitsa katemera ndi amene amapindula. Amene amangoti pakhomo pano pali galu, koma sadziwa kumene galuyo wagona kapena chimene wadya, phinduli salilawa, ndipo kawirikawiri amakhala akuweta ngozi.

Tiyambe ndi umboni. Mu 1980, ku America, mayi Erika Friedmann ndi anzawo anafalitsa zotsatira zimene zinadabwitsa madokotala ambiri. Iwo anatsatira odwala 92 amene anagonekedwapo m'chipatala chifukwa cha matenda a mtima, kuti aone kuti pakatha chaka ndi angati adzakhale akadali moyo. Mwa odwala 53 amene kwawo anali ndi chiweto, anamwalira 3 okha. Mwa 39 amene analibe chiweto, anamwalira 11. Anthu 92 ndi ochepa, ndipo palibe dokotala wanzeru amene angasinthe kachiritsidwe ka odwala chifukwa cha kagulu kochepa chotero. Komabe funso linali litadzutsidwa, ndipo ena analitola. Yankho lalikulu koposa linachokera ku Sweden mu 2017. M'dziko limenelo munthu aliyense ali ndi nambala yake ya boma imene imalembedwa kulikonse kumene walandira chithandizo, ndipo kuyambira 2001 lamulo limafuna kuti galu aliyense alembetsedwe pamodzi ndi mwini wake. Akatswiri a pa yunivesite ya Uppsala, Mwenya Mubanga ndi Tove Fall pamodzi ndi anzawo, anaphatikiza makaundulawa n'kutsatira anthu oposa 3.4 miliyoni a zaka zapakati pa 40 ndi 80 kwa zaka zofika 12. Anapeza kuti imfa zinali zochepa pakati pa eni agalu, ndipo kusiyanaku kunaonekera kwambiri mwa anthu okhala okha m'nyumba. Wokhala yekha amene anali ndi galu, chiopsezo chake cha imfa m'zaka zimenezo chinali chotsika ndi 33 peresenti poyerekeza ndi wokhala yekha wopanda galu.

Womvera wochenjera wayamba kale kupukusa mutu, ndipo akufunsa kuti kodi galu ndiye anatalikitsa moyo wa anthuwa, kapena anthu athanzi ndiwo amatenga agalu. Funsoli n'lomveka. Munthu amene miyendo yayamba kumukanika sangapite kukatenga kagalu kofuna kuthamanga nako m'mawa uliwonse. Ku Ulaya mwini galu nthawi zambiri amakhala ndi nyumba yakeyake, bwalo ndiponso kangachepe m'thumba, ndipo zinthu zimenezi pazokha zimatalikitsa moyo. Katswiri wa zamaganizo Hal Herzog analemba mu 2011 kuti pali kafukufuku wina amene sapeza kusiyana kulikonse, winanso amapeza eni ziweto ali ofookerapo, koma nyuzipepala zimathamangira nkhani zokoma zokha. Ngakhale bungwe la American Heart Association, limene mu 2013 linavomereza kuti kuweta galu kumaoneka kuti kumayendera limodzi ndi mtima wathanzi, linachenjeza kuti munthu asatenge chiweto ndi cholinga chokhacho chofuna kuchiza mtima. Chitsutso chimenechi sitiyenera kuchikwirira. Njira yochiyankhira ndi imodzi, kutenga anthu ofanana, kuwagawa mwa maere, ena n'kuwapatsa chiweto, ena osawapatsa, kenako n'kuona chotsatira.

Zimenezi ndi zomwe anachita mayi Karen Allen a pa yunivesite ya Buffalo, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2001. Anatenga anthu 48 ogwira ntchito yogula ndi kugulitsa masheya, ntchito ya phuma ndi nkhawa, onse odwala matenda othamanga magazi amene ambiri timangowatchula kuti BP. Onse anapatsidwa mankhwala amodzimodzi otchedwa lisinopril, koma theka la iwo, losankhidwa mwa maere, linatenganso galu kapena mphaka. Patapita miyezi 6 anawayesa powapatsa masamu ovuta a pamtima ndi kuwalankhulitsa pa nkhani yowapanikiza. Anthuwo akakhala phee, mankhwala aja anali atatsitsa BP ya magulu onse awiri. Koma mtima ukapanikizika, BP ya opanda chiweto inkakwera kwambiri, pomwe ya eni ziweto inkakwera pang'ono. Apa sitinganene kuti athanzi ndiwo anasankha agalu, pakuti amene anasankha ndi maere. Nkhaniyi ikutikhudza ifenso, chifukwa kafukufuku wa dziko lonse amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse m'Malawi ali ndi BP yokwera, ambiri asakudziwa n'komwe.

Njira yoyamba imene chiweto chimathandizira ndi ya m'thupi. Nanga m'thupimo mumachitika chiyani? Ku Pretoria, m'dziko la South Africa, dokotala wa ziweto Johannes Odendaal anayeza anthu ndi agalu asanayambe kucheza komanso atacheza modekha, munthu akusisita galu ndi kumulankhula. Mu 2003 analengeza kuti BP inatsika mwa onse awiri, ndipo timadzi ta m'thupi totchedwa oxytocin tinachuluka mwa onse awiri. Timadzi timeneti ndi tomwe timachuluka mwa mayi akamayamwitsa, timene timathandiza kumanga chikondi pakati pa iye ndi khanda lake. Mu 2015 akatswiri a pa yunivesite ya Azabu ku Japan anapita nazo patsogolo. Ankalowetsa munthu ndi galu wake m'chipinda kwa mphindi 30, kamera ikujambula, n'kuyeza mkodzo wa onse awiri asanalowe ndiponso atatuluka. Agalu ena sankalabadira kwenikweni nkhope ya mbuye wawo. Ena ankabwerera kwa iye, n'kumuyang'ana m'maso nthawi yaitali, ndipo mwiniyo ankayankha pomusisita ndi kumulankhula. Mwa awiriawiri oyang'anana chonchi ndi mmene oxytocin anakwera, mwa munthu ndi mwa galu yemwe. Anayesanso mimbulu, makolo a agalu, imene inaleredwa ndi anthu kuyambira ili yaing'ono. Mimbuluyo sinkayang'ana oilera m'maso, ndipo timadzi tija sitinasinthe. Taonani chimene chinagwira ntchito apa. Nyama inali m'chipinda ndi anthu onse aja, koma thupi linayankha mwa okhawo amene anali pa ubale weniweni ndi nyamayo.

Njira yachiwiri imene galu amathandizira ndi ya miyendo. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo kuyenda mofulumirirapo kumawerengedwa. Mu 2019 mayi Carri Westgarth a pa yunivesite ya Liverpool anapeza kuti m'dera lina la ku England eni agalu anali ndi mwayi wochuluka kanayi wokwanitsa mphindi zimenezi kuposa anzawo. Woyenda ndi galu amakumananso ndi anthu. Kafukufuku wa mu 2015 amene anachitika ku Perth, m'dziko la Australia, ndi m'mizinda itatu ya ku America anapeza kuti eni ziweto ankadziwana ndi anthu a m'dera lawo kuposa opanda ziweto, ndipo ena mwa maubwenziwo ankafika pothandizana pa mavuto. Apa tinene chilungamo. Mayi wa kumudzi amene amalawira kumunda, kutunga madzi kuchitsime ndi kusenza nkhuni safunika galu kuti ayende. Phindu ili ndi la anthu a m'tauni amene amachoka pabedi kulowa m'galimoto, kuchoka m'galimoto kukakhala pampando wa mu ofesi, madzulo n'kubwerera kuseri kwa mpanda wa njerwa. Komanso galu wa ku Sweden amagona m'nyumba ndipo amatulutsidwa pa chingwe tsiku lililonse, kaya kugwe mvula kaya chipale. Galu amene amadziyendera yekha kudzala sayendetsa munthu aliyense. Ziwerengero za ku Uppsala sizingasamuke zokha kubwera ku Ndirande kapena ku Kawale. Chimene chingasamuke ndi khalidwe limene linabereka ziwerengerozo.

Njira yachitatu, imene ine ndikuiona yaikulu kuposa zonse, ndi ya maganizo. Kusungulumwa kumadwalitsa. Mu 2010 mayi Julianne Holt-Lunstad ndi anzawo anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 148 wokhudza anthu oposa 300,000, n'kupeza kuti amene ali ndi maubale olimba amakhala ndi mwayi wopitiriza moyo wokwera ndi 50 peresenti kuposa osowa ocheza nawo. Boma la Britain linafika posankha nduna yoona za kusungulumwa mu 2018. Chiweto chimalowa pamenepa m'njira ziwiri. Poyamba, sichiweruza. Galu safunsa ngati ntchito yatha, ngati banja lapasuka, kapena ngati mayeso sanayende. Katswiri wa maganizo a ana wa ku New York, Boris Levinson, anazindikira zimenezi mwangozi pamene mwana wina wosafuna kulankhula ndi aliyense anafika mu ofesi nthawi yake isanakwane, n'kupeza galu wa dokotalayo, dzina lake Jingles, ali momwemo. Galu anathamangira mwanayo, mwana anamukumbatira, ndipo m'masabata otsatira anayamba kumasukira galu kenako dokotala. Levinson analemba za njira imeneyi mu 1962, anzake ambiri akumuseka.

Chachiwiri, chiweto chimafuna munthu, ndipo munthu amalimba mtima akadziwa kuti pali china chamoyo chimene chikumudalira. Umboni wa zimenezi ndi woseketsa pang'ono kwa ife amene timakazinga nkhululu. Ku South Korea akatswiri anatenga anthu okalamba oposa 90, a zaka 65 kupita m'tsogolo, n'kuwagawa mwa maere. Onse analandira malangizo a zaumoyo, koma gulu limodzi linapatsidwanso kakhola kokhala ndi tizilombo 5 ta mtundu wa nkhululu kuti azitidyetsa ndi kutisamala. Patatha masabata 8, monga analengezera mu 2016, okalamba osamala tizilombo aja anali ndi zizindikiro zochepa za kukhumudwa kuposa anzawo. Nkhululu sigwedeza mchira, sidziwa mbuye wake, silondera nyumba. Ndiye chinawathandiza n'chiyani agogo amenewa? Chinali chifukwa chodzukira m'mawa, kantchito ka tsiku ndi tsiku, ndi kudziwa kuti akapanda kudzuka kanthu kena kagona ndi njala. Apa mpamene mfundo yathu ikuonekera poyera. Gawo lalikulu la mankhwalawa lili m'manja mwa wosamalayo.

Ena anena kuti zonsezi ndi za azungu, amene amakhala okhaokha m'nyumba zosanjikizana, pomwe ife tili ndi abale, mpingo, maliro ndi maukwati. Makolo athu anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu, ndipo sanali kunena za galu. Ndikuvomereza kuti palibe chiweto chimene chingalowe m'malo mwa mbale kapena mnansi. Galu sadzakutengera kuchipatala usiku, mphaka sadzakukhalira pa mlandu kwa amfumu. Koma tiyang'ane mmene tikukhaliramu lero. M'midzi yambiri muli agogo amene ana awo ali ku Johannesburg kapena ku Lilongwe, ndipo amamva mawu awo pa foni pokha. Muli amasiye amene anthu anadzaza pakhomo pawo masiku a maliro, kenako aliyense n'kubwerera ku zake. M'tauni muli opuma pa ntchito amene tsiku lonse limatha asanalankhule ndi munthu kupatula wogulitsa mayunitsi. Kukana kuti kusungulumwa kuli pakati pathu n'kudzinamiza. Ndipo kafukufuku wa ku Perth uja akutiuza kuti chiweto sichichotsa munthu pakati pa anzake, koma chimamutulutsa panja, kumene amapatsidwa moni ndi kufunsidwa dzina la galu wake.

Kunena kuti kukonda chiweto ndi mwambo wa anthu olemera n'kusadziwanso mbiri. Mu 1914, pamalo otchedwa Oberkassel pafupi ndi mzinda wa Bonn ku Germany, ofukula miyala anapeza manda a zaka pafupifupi 14,000. M'mandamo munali mwamuna, mkazi ndi kagalu ka miyezi pafupifupi 7. Mu 2018 akatswiri atayeza mano a kagaluko anapeza zizindikiro zakuti kanadwala kwa masabata angapo matenda oopsa a agalu otchedwa distemper, amene amatsegula m'mimba, kusanzitsa ndi kufooketsa thupi lonse. Kagalu kodwala chotero sikangapirire popanda munthu wokamwetsa madzi, kukapukuta ndi kukafunditsa. Anthu amenewa analibe munda, sitolo kapena chipatala, ndipo kagaluko sikanali kothandiza ku uzimba, komabe anakadwazika, ndipo katafa anakaika pambali pawo. Kuno kwathunso sitinaphunzire kwa aliyense. Mlenje amadziwa galu wake ndi kauwidwe kokha, ndipo akabwera kosaka samana galuyo gawo lake. Nkhuku sitiipatsa dzina, koma galu amapatsidwa, nthawi zina dzina lokuluwika lotumizira uthenga kwa aneba. Ubale umenewu tinali nawo kale. Chimene chikufunika ndi kuupatsa ulemu wake.

Chitsutso china n'cha mphika. Wina ati ufa wa ana ukuperewera, ndiye wa galu uchokera kuti? Pamenepa palibe chokangana, mwana ndiye woyamba, ndipo amene sangathe kudyetsa chiweto asachitenge. Galu wa nthiti zoonekera amabweretsa mikangano ndi aneba amene wawabera mazira ndi anapiye, ndipo mikangano sitsitsa BP ya munthu aliyense. Koma chisamaliro chimene tikunena sichifuna zakudya za m'mapaketi za m'masitolo akuluakulu. Chimafuna nsima ya madeya kapena ya mgaiwa yosakaniza ndi mitu ya usipa kapena msuzi wotsala, mkute wa m'mawa, madzi oyera m'mbale yakeyake, mthunzi masana, pouma nthawi ya mvula, ndi kumuchotsa nkhupakupa ndi utitiri. Vuto lalikulu m'makomo ambiri ndi kuchuluka. Galu wamkazi mmodzi amatha kuswa ana 6 kapena kuposa nthawi imodzi, ndipo pakhomo pomwe pakanasamalika galu mmodzi pamadzaza agalu anjala. Madokotala a ziweto amatha kutseka galu kapena mphaka kuti asaberekenso, ndipo mabungwe monga Lilongwe Society for the Protection and Care of Animals amagwira ntchito imeneyi m'madera. Galu mmodzi wokhuta amalondera bwino, amakhala pakhomo, ndipo ndi amene angakhale bwenzi.

Tsopano tifike pa chitsutso cholemera kuposa zonse, chomwe ndi chiwewe. Bungwe la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, pafupifupi onse mu Africa ndi Asia. Anthu 4 mwa 10 alionse amene amafa nawo ndi ana osakwana zaka 15, ndipo pa milandu 100 iliyonse, pafupifupi 99 gwero lake ndi galu. Zizindikiro zikangoyamba, kuopa madzi, kubwebweta ndi kutuluka dovu, munthu sapulumuka. Ndiye wina angafunse kuti mungatiuze bwanji kuti galu ndi wabwino pa thanzi pomwe galu yemweyo akupha ana athu? Yankho lili ku Blantyre. Madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth anakhala akulandira ana odwala chiwewe kwa zaka zambiri, ena mwa iwo poyamba akuganiziridwa kuti akudwala malungo a mu ubongo. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mothandizana ndi nthambi ya boma yoona za ziweto komanso Blantyre SPCA, linayamba ntchito yobaya agalu a mumzindawo. Akatswiri amati ukabaya agalu 70 mwa 100 alionse m'dera, chaka ndi chaka, kachilombo kamasowa podumphira ndipo matenda amazilala.

M'masiku 20 okha a ntchito, agalu oposa 35,000 analandira katemera, ena pamalo osankhidwa monga pasukulu, ena powayendera khomo ndi khomo. Pa mizere ya katemerayo pamadzaza ana. Wina wamanga galu wake ndi chingwe cha khonje, wina ndi lamba wakale, wina wanyamula tiana tagalu m'beseni kapena m'katoni. Galu akabayidwa amapakidwa utoto pamutu kuti owerengera adziwe kuti uyu wapita kale, ndipo mwini wake amalandira chikalata. Ntchitoyi yakhala ikubwerezedwa, ndipo mu 2018 madokotala analengeza m'magazini ya The Lancet kuti chiwerengero cha ana obwera ndi chiwewe pa chipatalacho chinatsika kwambiri. Onani kuti ntchitoyi inatheka chifukwa agalu ambiri amene timawaona m'misewu ali ndi eni ake, ndipo ambiri mwa iwo amalola kugwiridwa. Galu wozolowera dzanja la munthu amafika pa katemera. Galu wozolowera mwala amathawa, sabayidwa, ndipo ndiye amasunga matenda m'dera. Chisamaliro chomwe chija chimene chimatsitsa BP ya mwini galu ndi chimenenso chimateteza mwana wa aneba. Ndipo wina akalumidwa kapena kukandidwa, atsuke bala ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako apite kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuona ngati galuyo apenge.

Izi zikutifikitsa pa mchitidwe umene wafala m'mataunimu, wotsekera galu m'kabokosi ka matabwa kapena kumumanga pa tcheni chachifupi tsiku lonse padzuwa, n'kumumasula usiku wokha. Eni ake amati akufuna akhale wolusa, ndipo ena amafika pomumana chakudya kapena kumumenya. Galu wotere amalusadi, koma ulusi wake ndi wa mantha, ndipo sasiyanitsa wakuba ndi mwana amene walowa pageti kudzatola mpira. Mwini wake samusisita, sayenda naye, samuyang'ana m'maso, kotero kuti palibe ngakhale imodzi mwa njira zitatu tatchula zija imene ikugwira ntchito pakhomo pamenepo. Galu amene amadya nthawi yake, amayendetsedwa madzulo ndipo amadziwa anthu a pakhomo sasiya kuuwa mlendo akafika usiku. Ulonda ndi ubwenzi sizilimbana. Ana nawonso aphunzitsidwe kuti galu sasokonezedwa akamadya, akagona kapena akamayamwitsa, ndipo mwana wamng'ono asasiyidwe yekha ndi galu, ngakhale wofatsa chotani. Mwana amene wakula akuthira madzi m'mbale ya galu m'mawa uliwonse amaphunzira msanga kuti chamoyo china chimamva njala ndi ululu monga iye, ndipo phunziro limeneli amalowa nalo m'kalasi ndi m'banja.

Sikuti aliyense ayenera kuweta galu. Pali amene chipembedzo chawo sichilola galu m'nyumba, ndipo ambiri a iwo amaweta amphaka mwaulemu. Pali amene ubweya wa mphaka umawayetsemulitsa kapena kuwadzutsira mphumu, ndipo amenewa ayenera kumvera thupi lawo. Mayi woyembekezera asagwire ndowe za mphaka ndi manja, chifukwa zimatha kukhala ndi tizilombo tovulaza mwana ali m'mimba. Amphaka nawonso amafunika katemera wa chiwewe. Koma tisiye kuponya miyala mphaka wakuda pomuganizira zaufiti, ndipo koposa apo tisiye kuloza chala gogo amene amakhala yekha ndi mphaka wake. Malinga ndi umboni umene tamva lero, mphakayo angakhale chimodzi mwa zinthu zochepa zimene zikumudzutsa gogoyo m'mawa, ndipo funso loyenera kudzifunsa ndi lakuti ife abale ake tinapita liti kukamuona. Amene sangakwanitse galu kapena mphaka, khola la nkhunda kapena la akalulu lingamupatse ntchito ya tsiku ndi tsiku yomweyo.

Pomaliza, omvera, tiike malire pamalo pake. Amalonda a masheya aja sanasiye kumwa mankhwala awo, ndipo inunso amene muli ndi BP musasiye anu. Levinson sanasiye galu kuti achize mwana yekha, dokotala anali pomwepo. Amene mtima wake walemera kwa masabata ambiri, sakugona, sakudya, kapena akuganiza zodzichotsera moyo, auze munthu amene amamukhulupirira ndipo apite kuchipatala chapafupi. Thandizo la matenda a maganizo lilipo m'zipatala za m'maboma, ku Zomba Mental Hospital ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Dziwaninso kuti galu amakhala zaka zochepa kuposa munthu, ndipo akafa mwini wake amamva chisoni chenicheni chimene sitiyenera kuchiseka. M'kati mwa malire amenewa, umboni ukuloza mbali imodzi. Chiweto chosamalidwa chimakhazika mtima pansi, chimayendetsa miyendo, chimatsegula macheza ndi aneba, ndipo chimapatsa munthu wokhala yekha chifukwa choyambira tsiku. Ngati pakhomo panu pali galu kapena mphaka, funsani kwa alangizi a ziweto a m'dera lanu kuti katemera wa chiwewe aperekedwa liti ndipo kuti. Pa 28 September chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira nkhondo yolimbana ndi matendawa, koma simuyenera kudikira tsikulo.